NDEGE YOFUKULIDWA M'MADZI OUNDANA

Pa 15 Julaye 1942, Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse ili m'kati, ndege zisanu ndi zitatu za asilikali a ku America zinali pa ulendo wopita ku Mangalande. M'njira zidakumana ndi mitambo yoopsa, ndipo mafuta adayamba kutha. Posoŵa pogwira, oyendetsa adatera pa chilumba cha Greenland, pamwamba pa madzi oundana. Yoyamba kutera idagudubuzika chifukwa magudumu ake adatitimira. Ataona zimenezi, enawo adatera chamimba, osatulutsa magudumu. Anthu onse adapulumutsidwa, koma ndege zija zidasiyidwa pomwepo.

Ku Greenland kumazizira koopsa. Chaka ndi chaka kumagwa chipale chimene chimaunjikana n'kuuma gwa ngati mwala. Pamene ofufuza adazipeza ndegezo mu 1988, zinali zitakwiririka mamita pafupifupi 80 pansi.

Kodi chinthu chachikulu chotere n'kuchitulutsa bwanji? Khasu silikadathandiza. Mu 1992 akatswiri adaboola dzenje lopapatiza posungunula madzi oundanawo ndi chipangizo choyendera madzi otentha. Anthu ankatsitsidwira m'dzenjemo pa chingwe, m'mdima ndi m'chisanu, madzi akuwadonthera. Atafika pa ndege imodzi ya mtundu wa P-38, adaimasula chiŵalochiŵalo, mapiko paokha, mainjini paokha, nakokera zonse kumtunda. Adaitcha dzina lakuti Glacier Girl.

Zidutswazo adazitengera ku Middlesboro, m'chigawo cha Kentucky. Kumeneko ndiko kunali ntchito yeniyeni, pakuti kulemera kwa madzi oundana kudapinda ndi kuphwanya ziŵalo zambiri. Amakaniko ankatsuka kachitsulo kalikonse, kukayeza ndi kukayang'anitsitsa. Chopindika ankachiwongola, choonongekeratu ankapanga china chofanana nacho ndendende. Ndege si njinga yakuti ikafa panjira munthu n'kutsika n'kumakankha. Mng'alu waung'ono pa phiko ungathe kukula ndege ili m'mwamba, woyendetsa n'kutaya moyo. Chifukwa chake amisiriwo sadafulumire. Ntchitoyo idatenga zaka 10.

Pa 26 Okutobala 2002 anthu miyandamiyanda adasonkhana pa bwalo la ndege. Ziŵalo zinali zitayesedwa chimodzichimodzi, koma ndegeyo inali isadaulukepo kwa zaka 60. Woyendetsa wodziŵa ntchito, Steve Hinton, adaloŵa naliza mainjini onse aŵiri. Ndege ija idathamanga, idadzuka, nizungulira pamwamba pa tauniyo. Kenaka idatera bwinobwino, tsopano ndi magudumu ake.

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani oyendetsa ena adatera osatulutsa magudumu?
2. Fotokozani m'mene akatswiri adafikira pamene panali ndegeyo.
3. Kodi kukonza ndege kumasiyana bwanji ndi kukonza njinga?
4. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: kutitimira, gwa, ndendende, miyandamiyanda.