Kodi 5 kuphatikiza 3 ndi 53?

Anzanga, tsegulani Python mulembe print("5" + "3"). Yankho likhala 53, osati 8. Kompyuta sinalakwitse ayi. Chilichonse chokhala pakati pa zizindikiro " " imachiona ngati mawu, omwe timawatcha string, ndiye + amangowalumikiza. Tsopano yesani print(int("5") + int("3")). Mupeza 8, chifukwa int() amasandutsa mawuwo kukhala nambala.

Samalani ndi input(): chomwe munthu walemba chimabwera ngati string, ngakhale chitaoneka ngati nambala.

Komatu sindikuti muzisandutsa chilichonse. int("099") amapereka 99, ziro wakumayambiriro uja wasowa. N'chifukwa chake nambala ya foni ndimaisunga ngati string.

Ntchito yanu nayi: lembani pulogalamu yofunsa chaka chomwe munabadwa, iwerengere zaka zanu. Mukatha, loserani musanayese: print("7" * 3) atulutsa chiyani?