Kodi Mumasonyeza Ulemu kwa Awo Amene Amakutumikirani?

TSIKU lililonse timatumikiridwa ndi anthu amene maina awo sitiwadziŵa. Kondakitala amalandira ndalama zathu m'basi, kalaliki amatithandiza kubanki, woperekera zakudya amatibweretsera chakudya, ndipo mlonda amatitsegulira chipata. Ambiri a iwo amaimirira kwa maola ambiri, ndipo kaŵirikaŵiri amakalipiridwa kaamba ka zolakwa za ena. Kodi Mkristu ayenera kuchita nawo motani?

1. Kodi ndani amene amatitumikira tsiku ndi tsiku, ndipo pakubuka funso lotani?

Amuna Aŵiri Achuma Osiyana

2 Talingalirani za Boazi, mwini munda wa ku Betelehemu. Pamene anafika kumunda m'nyengo yokolola barele, iye ndiye anayamba kupereka moni kwa okolola ake, akumawafunira kuti Yehova akhale nawo. Iwo anamyankha mwa kumfunira dalitso. (Rute 2:4) Pambuyo pake, pamene anawauza kusiyira Rute ngala zina ndi kusamchititsa manyazi, mkazi wamasiye ameneyo anakunkha mwamtendere kufikira madzulo. (Rute 2:15-17) Ulemu umene antchitowo analandira unafika kwa mlendo wosaukayo.

3 Nabala anali wosiyana kotheratu. Iye anali ndi nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000, koma anali waukali. Amuna a Davide anali atatetezera abusa ake m'chipululu, komabe iye anawabweza ndi mawu achipongwe. Pamene Davide anali kudza ndi amuna ngati 400 onyamula malupanga, mnyamata wantchito amene anaona ngoziyo anapita kwa Abigayeli, akumafotokoza kuti mbuye wake anali munthu wosalankhulika. (1 Samueli 25:2, 3, 10-17) Ukali wa Nabala unatsekereza chenjezo limene iye anafunikira kwambiri.

2, 3. Kodi Boazi ndi Nabala anasiyana motani, ndipo panali zotulukapo zotani?

Ulemu Suli Malipiro

4 Zofananazo zimachitika lerolino. Kalaliki amene wapatsidwa moni amamvetsera mosamalitsa, ndipo angatiuze njira ina yothetsera vuto lathu. Koma amene wanyozedwa amangofuna kuti kasitomalayo achoke msanga. Ndithudi, yankho lofatsa limaziziritsa mkwiyo, pamene mawu opweteka amausonkhezera. (Miyambo 15:1) Chotero utumiki wabwino sumadalira wotumikira yekha.

5 Komabe, kodi tiyenera kukhala aulemu kokha kuti titumikiridwe bwino? Kutalitali! Yesu anasonyeza kuti kuchitira zabwino awo okha amene angatibwezere sikumatisiyanitsa ndi ochimwa. (Luka 6:32-35) Yobu anali ndi chifukwa chabwinopo. Iye sananyalanyaze dandaulo la kapolo wake wamwamuna kapena wamkazi, pakuti anazindikira kuti Uyo amene anamuumba m'mimba ndiye anaumbanso iwo. (Yobu 31:13-15) Ndalama zathu zimagula sopo, tikiti, kapena chakudya. Sizimagula kuyenera kwa kunyoza munthu wopangidwa m'chifaniziro cha Mulungu.—Yakobo 3:9, 10.

4, 5. (a) Kodi ulemu wathu ungayambukire motani utumiki umene timalandira? (b) Kodi Yobu anali ndi chifukwa chabwinopo chotani?

Pamene Utumiki Uli Wosakhutiritsa

6 Chiyeso chenicheni chimadza pamene taima pamzera kwa maola aŵiri, kapena pamene tapatsidwa chenje chopereŵera. Sikulakwa kutchula cholakwacho ndi kupempha kuti chiwongoleredwe. Koma tingadzifunse kuti: ‘Kodi munthu ameneyu ndiye anaika mtengowu? Kodi ndiye anachedwetsa basi? Kodi ndikanalankhula motere akanakhala mwini sitolo wovala suti?’ Yakobo anatcha kulemekeza wachuma ndi kupeputsa wosauka kukhala tsankho, ndipo tsankho ndilo tchimo.—Yakobo 2:1-4, 9.

7 Kusonyeza ulemu sikufuna zambiri. Perekani moni musanatchule chimene mukufuna. Ikani pambali foni yanu pamene wina akukuthandizani. Itanani woperekera zakudya mwa mawu aulemu onga “bambo” kapena “mayi,” osati mwa likhweru kapena mwa kufuula kuti “iwe!” Nenani kuti “zikomo.” Ngati mwalemba munthu ganyu, mlipireni panthaŵi yake, Chilamulo cha Mose chinafuna kuti waganyu wosauka alandire malipiro ake dzuŵa lisanaloŵe. (Deuteronomo 24:14, 15) Makolo, kumbukirani kuti ana anu amaona mmene mumalankhulira kwa wantchito wa panyumba, ndipo adzatsanzira.

6, 7. (a) Kodi tingadzifunse chiyani pamene utumiki uli wosakhutiritsa? (b) Kodi tingasonyeze ulemu m'njira zotani?

8 Usiku wake womaliza asanaphedwe, Yesu anadzimanga chopukutira m'chuuno nasambitsa mapazi a atumwi ake, ntchito ya wantchito wotsika. (Yohane 13:4, 5, 14, 15) Kodi otsatira a Mbuye wotero angapeputse motani munthu chifukwa chakuti ali wotumikira? Ndiponso, kalaliki amene takalipira lero angakhale mwininyumba amene tidzafuna kumuuza uthenga wabwino maŵa. Chotero tiyeni tichitire ulemu anthu a mtundu uliwonse, kaya atitumikire bwino kapena ayi.—1 Petro 2:12, 17.

8. Kodi chitsanzo cha Yesu chiyenera kutisonkhezera kuchitanji?