Phunziro la Makolo ndi Akatekisi: Mwana Wogwidwa ndi Mlandu

Mnyamata akagwidwa ataba mbuzi ku Embangweni kapena njinga pa msika wa Jenda, tonse tifunsa kuti, "Waba chiyani?" Koma alipo wina amene afunsa kuti, "Chamuonekera nchiyani mwanayu?" Ameneyo ndiye dokotala wa matenda a maganizo. Tiyeni tiphunzire ntchito yake, pakuti mbali yake ina igwera ife.

1. Kumene mwana apita

Lamulo linena kuti mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo chiyambire 2017 aliyense wosakwana zaka 18 awerengedwa mwana. Mlandu ukakhala wochepa ungathe kuthera pa kupepesa ndi kubweza. Ukakula, khoti litumiza mwanayo ku sukulu yokonzera makhalidwe, ya Mpemba ku Blantyre kapena ya Chilwa ku Zomba. M'chaka cha 2018 Khoti Lalikulu lidalamula kuti ana amene anali m'ndende za Kachere ndi Bvumbwe achotsedwemo.

Taonani, sukulu ziwirizi zili kum'mwera. Mai wa kwa Inkosi Mzukuzuku sangafikeko kawirikawiri, pakuti ulendo ngwautali, ndi ndalama zake nzambiri. Kotero mwana akhala pakati pa alendo, ndi mantha ake yekha.

2. Zimene dokotala achita

Poyamba amuuza mwanayo kuti iye si wapolisi kapena woweruza, ndi kuti sadzaulula zapamtima zake, pokhapokha moyo uli pangozi kapena khoti lafuna lipoti. Pambuyo pake afunsa ngati agona tulo, ngati adya, ngati alota zoopsa. Afunsa amene adamlera, pakuti kuno ku Mzimba ana ambiri atate ao ali ku Joni zaka ndi zaka. Afunsanso ngati adamenyedwa kapena kugwiriridwa, ndi ngati asuta chamba.

Ayesanso thupi. Mwana wa khunyu anthu amtcha wogwidwa ndi mizimu. Wosamva bwino amtcha wamwano. Ife a ku Embangweni, kumene kuli sukulu ya ana osamva, tiyenera kudziwa zimenezi koposa ena.

Masiku oyamba atatsekeredwa ndiwo oopsa, chifukwa manyazi ndi mantha zikula pamodzi. Ndipo dokotala afunsa mosabisa kuti, "Kodi waganizapo zodzipha?" Funso limeneli silimpatsa mwana maganizowo ai, limpatsa mpata wonena zimene anali kubisa.

Mankhwala aperekedwa kwa owerengeka okha. Ntchito yaikulu ndiyo kucheza naye kawirikawiri, ndi kumphunzitsa kuzindikira mkwiyo usanamgonjetse. Dokotala sanena kuti kuba nkwabwino. Koma adziwa kuti mwana wolangidwa chabe, bala la mumtima losapoletsedwa, adzabwerera ku mlandu womwewo.

3. Mbali yathu

Tsiku lidzafika mwana adzatsika basi pa Jenda, dokotala atatsala kutali. Pamenepo ntchito ili kwa ife. Tisamtche mkaidi, ndipo chinthu chikasowa m'mudzi tisayambe kuloza iye. Timbwezere ku sukulu, kapena timpatse mmisiri womphunzitsa ntchito. Ngati adabwera ndi mankhwala, asawaleke popanda mau a dokotala.

Inu akatekisi, amene muyendera mabanja, penyetsetsani zizindikiro izi: kusagona, kudzipatula, kukodza pogona ali wamkulu, kulankhula yekha, kunena kuti kuli bwino kufa. Mukaona zotere musachedwe; perekezani makolo ku chipatala cha Embangweni kapena cha boma ku Mzimba. Kumeneko angathe kumtumiza ku Mzuzu, kwa a St John of God, amene asamala odwala maganizo. Mwana amene wanena za kufa asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a m'munda ndi zingwe zibisidwe. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mauwa sadapatule mwana wamlandu.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa ninji dokotala ayamba wauza mwana kuti iye si wapolisi?
2. Tchulani matenda awiri a thupi amene anthu awayesa mwano kapena mizimu.
3. M'mphakati mwanu, ndani adzalandira mwana wobwera ku Chilwa, ndipo adzamlandira bwanji?