Thupi Lanu Si la Boma: Zoyenera ndi Zosayenera kwa Ogwira Ntchito M'chipatala

Anamwino, azamba, madokotala, a ku labu ndi ku famase, alangizi a zaumoyo opalasa njinga m'midzi, inunso okolopa m'mawodi ndi okankha matirole, tasenderani kuno. Ndilibe chachilendo choti ndikuuzeni. Zonsezi ndi zomwe mumalalikira odwala m'mawa uliwonse pa OPD, koma zikafika pa inu eni mumangozipinda n'kuziika m'thumba la yunifolomu.

Tawerengani zaka zapitazi. Covid-19 inalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, ena mwa inu mukulirira magolovesi ndi mamasiki. Isanazilale bwino, kolera inabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Ili mkati, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ovulala ndi mitembo n'kukathera ku chipatala cha Gulupu. Ena anamva pa wailesi, inu munagwira ndi manja. Kutacha munabwerera pa shifiti ngati palibe chachitika. Ndiye tamverani, abale anga.

ZOYENERA

- Idyani musanalowe pa shifiti, kaya phala, mbatata, chinangwa kapena dzira, chifukwa mzere wa odwala sudzatha kuti ukupatseni mpata.

- Botolo la madzi lizikhala patebulo panu, makamaka inu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga m'mwezi wa Okutobala. Mutu umene mumaumwera panado masana aliwonse uja mwina ndi ludzu chabe.

- Mukaweruka naiti, kagoneni. Tchingani windo ndi bulangete, foni ikhale chete, ana muwauze kuti asagogode mpaka masana. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo wosagona ndiye amaphonya mtsempha n'kusokoneza mlingo wa mankhwala.

- Wodi ikakhala bata usiku, sinthanani kugonako mphindi 20 wina ali maso, popeza cha m'ma 3 koloko ndi pamene thupi limafooketsetsa.

- Tengani tchuthi chanu chonse, ndipo mukatenga chokanidi. Chipatala sichigwa chifukwa mwasowako masabata atatu.

- Wodwala wolemera muzimunyamula awiri kapena atatu, mawondo atapinda, pakuti msana ulibe sipeya.

- Singano ikakubayani, tsukani pabalapo ndi madzi ndi sopo nthawi yomweyo. Magazi akakugwerani m'maso, sukusulani ndi madzi ambiri. Kenako nenani kwa a inchaji, muyambe PEP tsiku lomwelo. Malire ndi maola 72, koma ola lililonse lochedwa likukudyerani, ndipo mumwe masiku onse 28 ngakhale mankhwalawo akuchititseni nseru.

- Malizani jakisoni onse atatu a katemera wa hepatitis B, chifukwa kachilombo kameneka kamalowa ndi singano mosavuta kuposa ka HIV.

- Kamodzi pa chaka khalani nanu pa benchi ya odwala: BP, shuga, HIV, ndi makhololo ngati chifuwa chapitirira masabata awiri. Amayi, musaiwale VIA. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse, ndipo siyang'ana kuti uyu ndi sisitala.

- Wodwala akatsirizika m'manja mwanu, musangopitirira. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mayi wataya magazi ku leba, mwathamanga uku ndi uku, ku labu magazi kulibe, ambulansi ilibe mafuta, mayi wapita. Mwavula magolovesi, mwalemba nthawi m'fayilo, kunja agogo ayamba kale kulira, ndipo pa bedi linalo wina akukuwa kuti mutu wa mwana wafika. Mumathamangira kumeneko, ndipo n'zoyeneradi. Koma shifiti isanathe, kokanani nonse amene munalipo, ngakhale wokolopa amene watsuka magaziwo, mukhale pansi mphindi khumi, aliyense anene zimene waona ndi mmene mtima wake ulili. Chimene sichinatuluke pakamwa chimakatulukira kutulo.

- Pezani munthu mmodzi amene mungamuuze kuti "lero sizili bwino" iye osathamangira kukuweruzani; mutu umodzi susenza denga.

- Dziwani zizindikiro zitatu zimene bungwe la WHO linalemba mu 2019 za munthu amene ntchito yamutha mphamvu: kutopa kosamva tulo, mtima kuuma mpaka kuipidwa ndi ntchito, ndi kulephera zimene kale ankazichita bwino. Mukayamba kuona "bedi 6" m'malo moona munthu, dzifufuzeni.

- Kukhumudwa, kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kusasangalala ndi chilichonse zikakwana masabata awiri, pitani mukaonedwe. Kuli anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli Zomba Mental Hospital. Mukachita manyazi pa chipatala chanu, kwerani minibasi mukaonedwe kwina.

- Malipiro asanalowe, lembani: lendi, chakudya, fizi, thiransipoti, kenako achibale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo akumudzi ayenera kumva pakamwa panu kuti "mwezi uno ndikwanitsa izi zokha."

- Mukafika kunyumba, vulani yunifolomu, sambani, mukhale pansi ndi ana musanagwire foni, chifukwa nawonso akhala pa mzere kudikira inu tsiku lonse.

- Khalani ndi chinthu china chimene sichinunkha chipatala: kwaya, netibolo, bawo, kadimba ka mpiru, kukaonera Bullets ndi Noma. Kumene anthu amakuitanani ndi dzina lanu lenileni mtima umapuma.

- Zosowa zilembeni m'buku la lipoti, ndipo madandaulo muziwapereka pamodzi kudzera ku bungwe la anamwino ndi azamba la NONM kapena bungwe lanu; mawu a munthu mmodzi amathera m'khonde.

- Mnzanu amene kale ankaseka akayamba kudzipatula, kuchedwa, kununkha mowa m'mawa, mutengereni pambali. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika maganizowo ayi, kumamutsegula pakamwa. Akavomera, musamusiye yekha mpaka afike m'manja mwa womuthandiza.

- Inu a inchaji ndi a matroni, rosita izituluka msanga ndipo manaiti azigawidwa mofanana, popeza munthu wodziwa tsiku lake lopuma amapirira zambiri.

ZOSAYENERA

- Musamakhalire fanta ndi mandasi mpaka 4 koloko n'kudzabwezera ndi tchipisi cha pachiwaya. Manja onjenjemera ndi njala sasoka bwino bala.

- Musamasunge mkodzo shifiti yonse, kapena kukana madzi poopa kupita kuchimbudzi. Uzani mnzanu akugwirireni mphindi zitatu, chikhodzodzo chisanakulipiritseni.

- Musachoke naiti n'kulunjika kumunda, kumsika, pa njinga yamoto kapena pa chiwongolero, chifukwa tulo ta pamsewu sitigogoda. Ngakhale kumaliro pitani mutagonako, anamfedwa adzamvetsa.

- Musamamwe khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu naiti ikamatha; pakadutsa maola asanu, pafupifupi theka la kafeini limakhala likadali m'magazi. Tulo tikakana musatenge diazepam m'kabati, amazoloweretsa msanga.

- Musagulitse maofu anu onse ku lokamu. Ndikudziwa, malipiro sakufika tsiku la 15 la mwezi, ndipo sindikukuletsani kusaka. Koma naiti kuno, masana ku kiliniki ya pulayiveti, Loweruka ku msonkhano wa alawansi, mapeto ake ndi aja a pusi wa ichi chakoma ichi chakoma. Siyani tsiku limodzi pa sabata lopanda yunifolomu.

- Musakoke wodwala nokha pofuna kuonetsa mphamvu, mungagwe nonse awiri.

- Musabwezere chivindikiro pa singano; ikakubayani musafinye bala, musathirepo jiki, ndipo koposa zonse musabise. Obisa amaopa kuyezetsa magazi, n'kukhala miyezi itatu akuvutika okha mumtima, pamene mankhwala anali chipinda chachiwiri kuchokera pomwe anabayidwira.

- Musalekere pa jakisoni woyamba wa katemera wa hepatitis B, chitetezo chake n'chosakwana.

- Musamadzilembere mankhwala. LA popanda kuyezetsa malungo, amoxicillin pa chimfine chilichonse, diclofenac tsiku ndi tsiku mpaka zilonda za m'mimba: mutamva wodwala akuchita zimenezi mungamukalipire. Ndipo ngati muli pa ma ARV, musadumphitse poopa kuti anzanu a ku ART akuonani. Sankhani chipatala china cholandirirako, n'zololedwa.

- Musadzipatse mlandu pa imfa iliyonse. Kafukufuku wa imfa za amayi anamuika kuti apeze pamene dongosolo linaduka, osati womuloza chala, ndiye inu otsogolera zokambiranazo musazisandutse bwalo la milandu. Komanso musaseke wophunzira amene walira poona imfa yake yoyamba, n'kumuuza kuti "uzolowera." Mugwireni paphewa, mumupatse madzi, mawa mumufunse ngati anagona.

- Musapepukire mtima pa WhatsApp, pa Facebook kapena mu minibasi ndi nkhani za odwala. Dziko lathu ndi laling'ono, wakhala pambali panuyo akhoza kukhala mlamu wake wa wodwalayo, ndipo a Nurses and Midwives Council ndi a Medical Council saseka pa nkhani ya chinsinsi.

- Musathire ukali pa mayi amene ali ku leba, kapena pa gadiyani amene wagona pa simenti masiku asanu. Mawu aja akuti "pamene munkachita zimenezi ine ndinalipo?" amayi amawakumbuka mpaka mwanayo atakwatira, ndipo ena mimba yotsatira amakaberekera kunyumba poopa pakamwa panu. Inunso mumapita nawo kwanu mawuwo, amakulumani usiku, ndikudziwa kuti si mmene munaliri pomaliza sukulu. Mukamva kuti zafika pakhosi, tulukani panja, kokani mpweya kasanu, mubwerere.

- Musanene kuti "ine ndine wachipatala, sindingadwale maganizo," ndipo musalole wina akuuzeni kuti ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Pempherani, pitani kutchalitchi kapena kumzikiti, koma uphungu ndi mankhwala zisatsale. Wa BP simumuuza kuti ataye mapiritsi chifukwa wapemphereredwa.

- Musasiye khadi lanu la ku banki kwa wakatapila, mudzagwira ntchito chaka chonse malipiro akudya wina. Ndipo mankhwala a boma musawakhudze kuti mutseke ngongole: pamenepo pali ndende, laisensi ndi dzina lanu.

- Musasandutse nyumba yanu OPD yachiwiri. Mwana wa aneba akakomoka usiku thamangani, inde, koma wa chimfine ndi wofuna "kajakisoni ka mphamvu" muwauze mwaulemu kuti mukakumane kuchipatala.

- Musamatsuke shifiti ndi mowa tsiku ndi tsiku, kapena kubetcha pa foni mpaka pakati pa usiku. Za pethidine ndi tramadol ndinena mosabisa: zimayamba ndi "kamodzi kokha, msana ukundipweteka," makiyi a kabati ya DDA ali m'thumba. Ngati mwayamba kale, uzani munthu lero, buku la mankhwalawo lisanakuululeni.

- Musasenze katundu wa unduna. Mankhwala kusowa, magetsi kuzima opaleshoni ili mkati, namwino mmodzi pa wodi yodzaza mpaka pansi, zimenezi si tchimo lanu, ndipo palibe malangizo a kudzisamala, ngakhale angawa, amene angalowe m'malo mwa kulemba anthu ntchito.

- Musamuchite miseche mnzanu wovutika, komanso musamubisire mpaka avulaze wodwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

- Akuluakulu, musalange munthu ndi manaiti otsatizana, musamukalipire pamaso pa odwala ndi ophunzira, ndipo wobwera ndi kalata ya dokotala musamufunse kuti "nanga wodi ndiisiya ndi ndani?" Kupeza womulowa m'malo ndi ntchito yanu.