Phunziro: Amene Safika ku Msonkhano Asaiwalike

Werengani: Marko 2:1-12, 2 Samueli 9

Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti njala simenya anthu mofanana. Zitsime zikauma, wamphamvu amapita ku mjigo wakutali. Wopuwala miyendo amatsala pakhomo, namwa madzi akuda amene wapeza pafupi. Matenda otsekula m'mimba amayambira kwa iye, koma dzina lake mulibe m'buku la komiti ya zaumoyo, chifukwa sanafike ku msonkhano.

Mpingo wathu sunayambe lero ntchito imeneyi. Amishoni anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1905 mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa ana osaona kumeneko. Sukulu ya osamva inatsegulidwa mu 1955. Boma nalonso linakhazikitsa lamulo la anthu olumala mu 2012, lonena kuti iwo ayenera kulandira chithandizo chaumoyo monga wina aliyense. Koma lamulo silinganyamule munthu kupita naye ku kiliniki ya Chiparamba. Pa Marko 2, wodwala manjenje anafika kwa Yesu chifukwa anzake anai anamunyamula, napasula denga.

Tichitenji m'midzi yathu?

1. Akulu ampingo ndi amai a Chigwirizano ayende khomo ndi khomo, alembe maina a olumala onse, ngakhale ana amene makolo amawabisa m'nyumba. Kulumala si ufiti kapena chilango cha tchimo (Yohane 9:1-3).

2. Uthenga ufike kwa onse. Wosamva samva cholengeza cha m'tchalitchi, wosaona saona chikwangwani. Wosamva muonetseni ndi manja kasungunulidwe ka paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Wosaona muuzeni pakamwa, ndipo akhudze yekha ziwiyazo.

3. Tsiku la sikelo ndi katemera, ngolo kapena njinga ya mkristu mmodzi ikonzedweretu. Mwana wolumala amene amavutika kumeza amanyentchera msanga, choncho asaphonye sikelo. Wodwala khunyu asaleke mankhwala chifukwa cha kutalika kwa njira.

4. Pomanga chimbudzi, khomo likhale lalikulu, lopanda masitepe. Ikani mtengo wogwirira ndi kampando koboola. Mangani chingwe kuchokera kunyumba kufika kuchimbudzi kuti wosaona azitsata.

5. Pogawa chimanga kapena mbeu, olumala asaime pamzere. Perekaninso maina ao ku ofesi ya Social Welfare, pakuti banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira Social Cash Transfer yochulukirapo.

6. Choposa zonse, wolumala akhale membala wa komiti ya zaumoyo ndi ya mjigo. Iye ndiye adziwa pamene njira ivuta. Davide sanatumize nsima kwa Mefiboseti ku Lodebara. Anamuitana kuti azidya pa gome la mfumu masiku onse.

Mafunso okambirana

a. Kodi m'dera lanu muli olumala angati? Ndani anawayendera mwezi uno?
b. Kodi munthu wa pa njinga ya olumala angathe kulowa m'tchalitchi mwanu ndi m'chimbudzi chake?
c. Ndani adzapereka ngolo pa tsiku la sikelo likudzali?

Pemphero: Atate wathu, tsegulani maso athu kuti tione abale amene tawasiya m'mbuyo, ndipo mutipatse manja owanyamula. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.