Phunziro la Mwezi Uno: Mayi Wamasiye ndi Umoyo wa Mudzi

Phunziro lathu mwezi uno lichokera ku Marka, m'dera la Mfumu Ndamera m'boma la Nsanje, kumalire a Malaŵi ndi Mozambique. Tifuna kuona zimene zimachitikira mayi pamene mwamuna wake wamwalira, pakuti tsankho limene amakumana nalo panthaŵiyo limabweretsa matenda kwa iye, kwa ana ake ndi kwa mudzi wonse.

1. Malo a mkazi pamudzi

Pakati pa Asena mwamuna amapereka malowolo, ndipo mkazi amasiya kwao kukakhala kwa mwamuna. Kumeneko amalima mapira ndi mchewere, amalima kudimba, amatunga madzi ndi kulera ana. Koma munda, nyumba ndi ana zimaŵerengedwa za mtundu wa mwamuna. Bambo akafedwa mkazi amakhalabe m'nyumba mwake. Mayi akafedwa mwamuna amadikira kumva zimene alamu ake agamule.

2. Mwambo wa kulowa kufa

Mwambo umenewu, umene m'Chisena amati kupita kufa, umafuna kuti wamasiye agone ndi m'bale wa malemuyo, kapena ndi mwamuna wolipidwa amene amatchedwa fisi, kuti achotse imfa pamudzi. Anthu amaopa kuti akapanda kutero wina atupa, atsokomola kapena awonda mpaka kufa. Mayi wokana amasalidwa, ndipo mwana aliyense akadwala pamudzipo chala chimaloza iye.

Tiyenera kudziŵa kuti zizindikiro zimenezi zili ndi magwero ake odziŵika. Kutupa kwa mwana kaŵirikaŵiri kumadza chifukwa chosoŵa zakudya zomanga thupi. Kutsokomola kwa nthaŵi yaitali ndi kuwonda kungakhale chifuwa chachikulu cha TB, chimene mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.

Choopsa chenicheni chili m'mwambo womwewo. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Mwamuna mmodzi wogona ndi amasiye ambiri popanda kondomu angathe kutenga kachirombo ka HIV, chindoko kapena chinzonono panyumba imodzi ndi kukazisiya panyumba ina. Mayi angathenso kutenga mimba imene sanaifune.

3. Kulanda katundu

Achibale akatenga mbuzi, njinga, malata kapena munda, oyamba kuvutika ndi ana. Chakudya chimachepa, mwana wamkazi amasiya sukulu ndi kukwatiwa msanga, ndipo kubereka thupi lisanakhwime kumadzetsa kuchira movutika ndi matenda a fistula. M'chigwa chimene madzi osefukira anaononga minda mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023, banja lolandidwa katundu silidzuka msanga.

4. Malamulo akuti chiyani?

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo limati kulanda katundu wao ndi mlandu. Lamulo la 2013 lothetsa kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza, ndipo wolakwa angathe kukhala m'ndende zaka 5. Mu November 2016 khoti linalamula bambo wina wa ku Nsanje, amene ankagwira ntchito ya ufisi, kukhala m'ndende zaka 2. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

5. Tingachitepo chiyani?

Alangizi a zaumoyo ayendere wamasiye m'masiku oyamba a maliro, ndipo alankhule naye payekha, chifukwa pamaso pa apongozi sangamasuke.

Mayi amene wakakamizidwa kugona ndi mwamuna afike kuchipatala asanathe maola 72. Kumeneko adzalandira mankhwala oteteza ku HIV, amene amamwa masiku 28, pamodzi ndi oletsa mimba.

Wodwala pamudzi pamene pagwa maliro apite naye kukapimidwa, m'malo mofunafuna womunenera.

Mafumu ndi akuluakulu a mipingo akhale pamodzi ndi mabanja kupeza njira zotsirizira maliro zosagoneka wamasiye ndi munthu. M'midzi ina atero kale, ndipo ulemu wa malemu sunachepe.

Nkhani za kulanda katundu zipite kwa mfumu, kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa Bwanamkubwa.

Abambo alembe chikalata chogaŵa chuma chao akadali moyo. Akulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe: wamasiye wa maŵa angakhale mlongo wanu kapena mwana wanu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani matenda atatu amene angafale chifukwa cha kulowa kufa.
2. Kodi m'mudzi mwanu wamasiye amapatsidwa mpata wolankhula pogaŵa katundu?
3. Mayi akukana mwambo ndipo apongozi akumuopseza. Inu monga mlangizi mudzayamba kulankhula ndi yani, ndipo mudzanena chiyani?