Nyimbo ya Bach pa piyano: liwiro, kiyi ndi makodi

Nyimbo yotchedwa Jesu, Joy of Man's Desiring ambiri tinaimvapo pa ukwati kapena pa nthawi ya chopereka, ikulira mwakachetechete pa kiyibodi. Koma Johann Sebastian Bach sanailembere piyano. Inali mbali ya cantata yake, BWV 147, imene inaimbidwa m'tchalitchi ku Leipzig, dziko la Germany, pa 2 July 1723, tsiku lokumbukira ulendo wa Mariya kukacheza kwa Elizabeti, nkhani ya pa Luka 1. Panali kwaya ya mawu anayi, lipenga, mavayolini, ma oboe ndi limba. Chuni chimene kwaya inkaimba chinali chakale kuposa Bach, chopekedwa ndi Johann Schop cha m'ma 1640. Zimene timaimba pa piyano lero zinakonzedwa ndi mayi wa ku England, Myra Hess, ndipo zinasindikizidwa mu 1926. Tikakhala pa piyano ndiye kuti zala khumi zasenza ntchito ya gulu lonse lija.

Vuto lalikulu lagona pa liwiro. Bach sanalembe nambala ya liwiro, pakuti metronome inabwera mu 1815, iye atamwalira kale mu 1750. Choncho woimba aliyense amasankha yekha, ndipo ambiri timasankha kuikoka kwambiri poganiza kuti kuchedwa ndiko ulemu wa m'nyumba ya Mulungu. Ife tikuona kuti apa tikuilakwira nyimboyi. Ili ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi: manotsi othamanga atatuatatu, asanu ndi anayi pa baa iliyonse, ndi chuni cha kwaya choyenda pang'onopang'ono, chimene chimalowa pa baa ya 9, kuyambira pa me kukwera mpaka pa soh. Khutu limakopeka ndi othamanga aja, koma mwini nyimbo ndi chuni cha kwaya. Munthu kapena limba atha kugwira noti nthawi yaitali osazilala. Piyano siingatero, chifukwa kanyundo kakangomenya waya, mawu amayamba kufa nthawi yomweyo. Tikachedwetsa kwambiri, noti imafa inzake isanafike, ndipo omvera sathanso kuzilumikiza kuti amve chuni.

Muyeso wabwino ndi mpweya wathu womwe. Tiimbe mzere umodzi wa kwaya ndi pakamwa uku tikuliza. Ngati mpweya watithera mzere usanathe, tachedwetsa. Nyimboyi ili ndi mabaa 71 a kugunda kutatu, ndiye pa kugunda 70 pa mphindi imatenga mphindi zitatu, pamene pa 50 imapitirira zinayi. Mawu ake a Chijeremani ndi a munthu amene akukondwa chifukwa ali ndi Yesu. Si nyimbo ya pamaliro.

Kiyi yake ndi G major, ndiye kuti doh ndi G, ndipo Hess sanaisinthe. Komabe wophunzira akatsegula YouTube n'kuyesa kuliza pamodzi ndi gulu loimba ndi zida zakale, apeza kuti zonse zikugundana. Kiyibodi siinaonongeke ayi. Masiku ano noti ya A timaitchuna pa 440 Hz, pamene magulu ambiri oterewa amaitchuna pa 415 Hz, kutsika ndi theka la toni. G wawo amamveka ngati F sharp wathu. Kutsitsa transpose kamodzi kumathetsa mkanganowo. Bach naye anakumana ndi zoterezi: malimba a ku Leipzig anali okwera ndi toni yathunthu kuposa zida zina, choncho mbali ya woimba limba inkalembedwa motsika ndi toni imodzi kuti onse akumane.

Pa makodi, chiyeso chathu ndi chizolowezi. Nyimbo zambiri za mu Khristu mu Nyimbo timatha kuziperekeza ndi makodi atatu, a doh, fah ndi soh, ndipo dzanja lamanzere likazolowera limafuna kuchita chimodzimodzi paliponse. Kwa Bach besi ndi chuni pachokha, choyenda ndi mapazi ake. Chapakati nyimbo imapatukira ku A minor, kenako ku C major, isanabwerere kwawo ku G. Tikaika makodi atatu aja pamenepo, kamdima kakang'ono kameneka kamasowa, ndipo kubwerera ku G sikumvekanso ngati kufika. Pedulo nayo tiisinthe pamene kodi yasintha, apo ayi manotsi othamanga aja asanduka phala.

Funso lotsala ndi la pa Sabata m'mawa: tikamaliza, mpingo uimirira kuimba nyimbo ina, tiwoloka bwanji? Ngati ili mu G, D kapena C, njira ndi yaifupi. Kupita ku C tingowonjezera F wamba pa kodi yomaliza ya G, ndipo khutu limadziwa lokha kumene tikulowera. Koma nyimbo zambiri za mpingo zili mu E flat. Apa tigwire noti ya G yokha, imene inali doh, chifukwa mu E flat noti yomweyo ndi me. Tiike kodi ya E flat pansi pake, kenako B flat 7, n'kubwerera ku E flat, kuti wotsogolera nyimbo amve doh watsopano asanakweze dzanja.